Gilgamesh womasuliridwa ndi Andrew George: buku loyenera kugula, bola mugule lenilenilo

Kampani ya Penguin ili ndi mabuku awiri a mutu umodzi, The Epic of Gilgamesh, ndakatulo yakalekale ya ku Babulo, ndipo munthu amene watuma m'bale wa ku Maputo kapena mnzake wodutsa pa Zóbuè kupita ku Blantyre akhoza kulandira lomwe sadafune. Loyamba ndi la N. K. Sandars, la mu 1960. N'lopyapyala, lolembedwa ngati nthano wamba, ndipo mayiyu sadamasulire kuchokera pa mapale a dongo omwe ndakatuloyi idalembedwapo. Adatolera zomwe ena adamasulira kale n'kuzisoka pamodzi kuti nkhani iziyenda mosadukiza. Lachiwiri ndi la Andrew George, lomwe lidatuluka koyamba mu 1999, ndipo ndi limene tikukamba pano. Potuma munthu, mulembereni dzina la womasulira, osati mutu wokha.

George adaphunzitsa chilankhulo cha ku Babulo kwa zaka zambiri pa sukulu ya ukachenjede ya SOAS, mumzinda wa London. Mapale ambiri a ndakatuloyi adawagwira ndi manja ake n'kukopera yekha zilembo zake, ndipo mu 2003 adatulutsa mabuku awiri akuluakulu a akatswiri omwe mpaka lero ndiwo maziko a aliyense womasulira Gilgamesh. Buku la Penguin ndi ntchito yomweyo koma yophikidwira anthu wamba. Ife tikuti kwa mphunzitsi, mbusa, mlakatuli kapena wophunzira wa kuno amene amawerenga Chingerezi bwinobwino, palibe buku limodzi loposa ili pa nkhani ya ndakatulo za ku Sumer ndi ku Akkad. Chifukwa chake chachikulu n'chakuti silibisa pamene phale lidasweka. Koma kukhulupirika komweko ndi kumene kumagwetsa ulesi owerenga ambiri pa masamba oyambirira, choncho m'pofunika kudziwiratu kagwiridwe kake.

Nkhaniyi ndi ya kum'mwera kwa dziko limene lero ndi Iraq, pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates. Kumeneko kunkalembedwa zilankhulo ziwiri zosiyana kotheratu. Chisumeri chilibe m'bale wodziwika padziko lonse. Chiakadi, chomwe ankalankhula Ababulo ndi Asuri, n'chachibale ndi Chihebri komanso Chiarabu. Zonse ziwiri ankazilemba podinda kansonga ka bango pa dongo lofewa, kalembedwe kotchedwa cuneiform. Gilgamesh amakumbukidwa ngati mfumu ya mzinda wa Uruk, womwe lero ndi bwinja la Warka, ndipo umatchulidwa pa Genesis 10:10. Nkhani yake idalembedwa m'mibadwo itatu, ndipo bukuli lili ndi yonse. Zoyambirira ndi ndakatulo zisanu zazifupi za m'Chisumeri, zambiri zopezeka m'zolemba za ana a sukulu a ku Nippur ndi ku Ur, zaka za m'ma 1700 Khristu asanabadwe. Kenako cha m'nyengo yomweyo alakatuli a ku Babulo adaluka ndakatulo imodzi yaitali m'Chiakadi. Pomaliza, cha m'ma 1200 mpaka 1100, idakonzedwanso n'kukhala ya mapale 11 ndi lina lowonjezera, ndipo Ababulo eni ake ankati ntchitoyo ndi ya katswiri wina dzina lake Sin-leqi-unninni. Yomalizayi ndi imene imatenga mbali yaikulu ya buku.

Mapale ambiri a ndakatulo yomalizayi adafukulidwa ku Nineveh, mzinda uja wa Yona, m'nyumba yosungira zolemba ya mfumu Ashurbanipal. Mzindawo udatenthedwa mu 612 Khristu asanabadwe, ndipo aliyense amene adaotchapo uvuni wa njerwa akudziwa chimene moto umachita ku dongo: m'malo moliwononga umalilimbitsa. Koma madenga pogwa adaphwanya mapalewo. Austen Henry Layard ndi Hormuzd Rassam adatumiza zibenthu masauzande ambiri ku British Museum m'zaka za m'ma 1850, ndipo mu 1872 George Smith adawerenga pa chibenthu china nkhani ya chingalawa chotsamira paphiri ndi mbalame zotumidwa kukaona ngati madzi aphwa. Kuyambira pamenepo ntchito yakhala yolumikiza mbiya yosweka. Ndakatulo yonse inali ya mizere pafupifupi 3,000, ndipo pomwe George ankatulutsa buku lake koyamba, pafupifupi gawo limodzi mwa asanu linali lisanapezeke n'komwe.

Apa m'pamene owerenga amapunthwa. Mukatsegula phale lachitatu kapena lachinayi, mupeza masamba odzaza timadontho, mabulaketi ndi mawu opendekeka, moti wina akhoza kuganiza kuti makina osindikizira adalakwitsa. Ayi, chilichonse chili ndi tanthauzo lake. Mawu olembedwa bwinobwino ndi amene alipodi pa dongo. Mawu a m'mabulaketi a ngodya adasweka, koma womasulira wawabwezeretsa, kawirikawiri chifukwa mzere womwewo umabwerezedwa pena pomwe phale lili lathunthu. Mawu opendekeka ndi okayikitsa, mwina chilembo chidafufutika theka, mwina tanthauzo la liwulo silinagwirizanidwe. Akakhala opendekeka komanso m'mabulaketi, kumeneko n'kungoganizira chabe. Timadontho ndi mpata womwe palibe amene angaudzaze. Lamulo lake n'losavuta: mukamawerenga kuti musangalale, dumphani zizindikirozo ngati kulibe, mawu aziyenda. Koma mukafuna kutenga mzere kuti muuike m'nkhani ya kusukulu, mu ulaliki kapena pa Facebook, bwererani mukaone ngati liwu limene mwatsamirapolo si lopendekeka. Anthu ambiri amamanga mfundo yaikulu pa liwu lomwe George mwini adalemba mosonyeza kuti sakutsimikiza.

Chinthu china chili m'mphepete mwa tsamba. Manambala a mizere nthawi zina amasintha mwadzidzidzi n'kuyamba ndi chilembo, monga P kapena Y. Izi zikutanthauza kuti pamenepo ndakatulo yomaliza ija ili ndi chibowo chachikulu, ndiye womasulira wagamba ndi mizere ya phale lakale la ku Babulo, la P lomwe limasungidwa ku Pennsylvania kapena la Y la ku Yale. Chigambacho n'chakale ndi zaka mazana angapo kuposa nsalu yomwe chasokedwapo. Mbali yabwino ya nkhani ya Enkidu, munthu wa m'tchire amene adadzakhala mnzake wa Gilgamesh, pamene akuphunzira kudya mkate ndi kumwa mowa mpaka kutha zikho zisanu ndi ziwiri n'kuyamba kuimba, imachokera pa chigamba chotere.

Musagule la 1999 ngati pali mwayi wopeza kusindikiza kwachiwiri, komwe kudatuluka patapita zaka pafupifupi 20. Kusiyana kwake si kwa chikuto chabe. Mu 2011 nyumba yosungira zakale ya ku Sulaymaniyah, kumpoto kwa Iraq, idagula chibenthu china chomwe chidapezeka kuti ndi cha phale lachisanu, ndipo Farouk Al-Rawi ndi George adachifalitsa mu 2014. Chidawonjezera mizere pafupifupi 20, koma mizere yake ndi yosintha nkhani yonse ya nkhalango. Kale owerenga ankaona ngati Gilgamesh ndi Enkidu adalowa m'nkhalango ya zii, yokhala chilombo chokhachokha. Tsopano tikudziwa kuti nkhalango ya mikungudzayo inali yaphokoso: mbalame kuyankhizana, nyenje kulira, utomoni kudontha m'mitengo ngati mvula, anyani ndi ana awo kukuwa ngati gulu la oimba ndi ang'oma pamaso pa Humbaba, mlonda wa nkhalangoyo. Ndiye kuti Humbaba anali ngati mfumu pabwalo pake. Atamupha n'kugwetsa mitengo, Enkidu akuuza mnzake kuti nkhalango ija aisandutsa chipululu, ndipo akuda nkhawa kuti akamuyankha chiyani mulungu Enlil. Munthu wa ku Macanga kapena ku Chifunde, amene waona magalimoto a zipika akutuluka m'tchire ndi matumba a makala ali ndandanda m'mbali mwa msewu, safunika womufotokozera mizere imeneyi. Njira yachidule yoyesera buku lomwe lili m'manja mwanu ndi iyi: tsegulani koyambirira kwa phale lachisanu. Mukapeza anyani, ndi latsopano. Mukapeza timadontho patangotha mizere yochepa, ndi lakale.

Pa kawerengedwe, malangizo athu ndi oti musayambe ndi mawu oyamba a womasulira. Ndi abwino kwambiri, koma ndi aatali, ndipo amakoma mukadziwa kale nkhani. Yambani ndi phale la 11, la nkhani ya chigumula, lomwe ndi limodzi mwa athunthu kwambiri, la mizere yoposa 300. Kenako la 6, lalifupi ndi losasweka kwenikweni, pomwe Gilgamesh akukana kukwatira mulungu wamkazi Ishtar n'kumuwerengera amuna onse amene adawawononga. Mukatero khutu lazolowera, bwererani ku phale loyamba muyende mwandondomeko.

Phale la 11 ndilo lidzadzutse mkangano pagulu lililonse la anthu opemphera, choncho ndi bwino kudziwa zimene lili nazo. Milungu yapangana kumiza anthu ndipo yalumbira kusaulula. Mulungu Ea, posafuna kuswa lumbiro, sakulankhula ndi munthu koma ndi mpanda wa bango, akudziwa kuti kuseri kwake kuli Uta-napishti, munthu amene adzapulumuke chigumulacho, akumva. Ndi nzeru yomwe amayi athu amaidziwa, yokalipira nkhuku pofuna kuti mawu afike kwa mpongozi. Chingalawa chake n'chofanana mbali zonse, mikono 120 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, kutanthauza mamita pafupifupi 60, cha nsanjika zisanu ndi ziwiri, chomatidwa ndi phula. Cha Nowa chinali mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi ndi 30 msinkhu. Mkuntho ukuwomba masiku asanu ndi limodzi ndi usiku usanu ndi uwiri, osati masiku 40. Milungu yomwe idayambitsa chigumulacho ikuchita nacho mantha, n'kukadzipinda ngati agalu. Chingalawa chikutsamira pa phiri la Nimush. Akutulutsa nkhunda, ibwerera, namzeze, abwerera, khwangwala, osabwerera. Nowa adayamba ndi khwangwala n'kutsiriza ndi nkhunda. Popereka nsembe, milungu yanjala ikuunjikana ngati ntchentche. Ndipo Ea akudzudzula Enlil kuti wolakwa yekha ndiye azilangidwa, kuti kukadakhala bwino kutumiza mkango, njala kapena mliri kusiyana n'kuseseratu onse. Kufanana kulipo ndipo sikungakanidwe, kusiyananso n'kwakukulu, makamaka pa khalidwe la amene akutumiza madziwo. George salalikira mbali iliyonse. Amangoika mawuwo patebulo, ndipo ife tikuona kuti wachita bwino.

Koma chimene chimagwira mtima m'phale limeneli chimabwera chigumula chitatha. Gilgamesh wayenda mpaka kumalekezero a dziko kufuna moyo wosatha, ndipo Uta-napishti akumuyesa ndi chinthu chaching'ono: akhale maso masiku asanu ndi limodzi ndi usiku usanu ndi uwiri. Atangokhala pansi, tulo tamutenga. Nkhalamba ija, podziwa kuti munthu akadzuka amakana zoti anagona, ikuuza mkazi wake kuti tsiku lililonse aziphika mkate n'kuuika kumutu kwa mlendoyo, n'kulemba chizindikiro pakhoma. Podzuka, Gilgamesh akuti wangosinza pang'ono. Akumuonetsa mikate ija: woyamba wauma gwa, wachiwiri walimba ngati chikopa, wachitatu wanyowa, wachinayi wayera, wachisanu wachita chuku, wachisanu ndi chimodzi ukadali wabwino, wachisanu ndi chiwiri uli pamakala. Palibe ulaliki wa imfa pamenepa, pali mikate isanu ndi iwiri yokha, ndipo mfumu yasowa chonena. Pambuyo pake akupeza chomera chobwezera unyamata pansi pa nyanja, koma ali m'njira, akusamba padziwe, njoka yanunkhiza fungo n'kuchitenga, ndipo pochoka ikufundula. Ife tidakula ndi nthano ya bilimankhwe amene adachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Funso lake ndi lomwelo, ndipo konse kuwiri moyo ukutayika pa kachinthu kochepa, m'manja mwa kanyama kokwawa.

Pali msampha wina wokhudza mawu otchuka kwambiri a ndakatuloyi, aja a mayi wogulitsa mowa m'mphepete mwa nyanja, amene akulangiza Gilgamesh kuti moyo womwe akuufunawo sadzaupeza, choncho adye akhute, avale zoyera, asambe, ayang'ane kamwana komwe kamugwira dzanja ndi kukondweretsa mkazi wake. Amafanana kwambiri ndi Mlaliki 9:7-9. Anthu amawafufuza m'phale la 10, pomwe mayiyu akupezeka, n'kuwasowa, kenako n'kumati bukuli n'loperewera. Mawuwo mulibe m'ndakatulo yomaliza ija. Ali pa phale lakale la ku Babulo lomwe akuti lidachokera ku Sippar, ndipo George waliika palokha m'gawo la mapale akale. Mabuku osokedwa pamodzi aja amangowalowetsa m'nkhani osanena kanthu. Yang'anani pa tsamba la zam'katimu, mupeze dzina la Sippar.

Mapale a 7, 8 ndi 10 ndi a maliro. Enkidu akudwala masiku 12, akutemberera amene adamuchotsa m'tchire, kenako akubweza matembererowo. Gilgamesh akuphimba nkhope ya mnzake ngati ya mkwatibwi, akuzungulira mtembo ngati mkango waukazi wolandidwa ana, akuitana mapiri, mitsinje, nyama, alimi ndi abusa a ziweto kuti alire naye. Akukana kuika malirowo mpaka mphutsi itagwa kuchokera m'mphuno. Mzere umenewu akuubwereza kwa aliyense amene wakumana naye. Amene akuwerengera gulu asauthamangire.

Gawo la ndakatulo za Chisumeri ambiri salifika, chikhalirecho ndi limene lili pafupi kwambiri ndi moyo wa kumudzi kuno. M'menemo dzina la mfumuyi limalembedwanso Bilgames, ndipo Enkidu ndi wantchito wake kuposa kukhala mnzake wofanana naye. Ndakatulo ya Bilgames ndi Akka, ya mizere yongopitirira 100, ikuonetsa mfumu ikufunsa bwalo la akuluakulu ngati agonjere mzinda wa Kish, womwe mfumu yake ndi Akka. Akuluakulu akuti tigonje. Iye osakhutira, akupita kwa anyamata, iwo akuti timenyane, ndipo akutsata anyamatawo. Muno zikumuyendera, pomwe pa ulendo wa kunkhalango uja, umene akulu adamuchenjezanso, mapeto ake ndi imfa ya Enkidu, mawu a akulu n'kukoma atagonera. Koma yozama kuposa zonse ndi ya kumanda. Mzimu wa Enkidu wabwerako, ndipo Bilgames akuufunsa mmodzimmodzi za amene adawaona. Wa mwana mmodzi akulira. Wa ana awiri akudya mkate atakhala pa njerwa ziwiri. Zikunka zikomerakomera mpaka wa ana asanu ndi awiri, amene wakhala pampando pakati pa milungu. Amene alibe womuthirira nsembe akudya zokokota za mumphika ndi nyenyeswa zotayidwa mumsewu. Ana ofa asanabadwe akusewera pa tebulo la golide ndi siliva lodzaza zotsekemera ndi mafuta a mkaka. Wopsa ndi moto yekha ndiye sakupezeka, chifukwa mzimu wake udapita ndi utsi. Aliyense amene adaona agogo akuthira ufa kapena mowa patsinde pa mtengo pokumbukira makolo amva msanga chimene chikunenedwa: wakufa amadalira amoyo omukumbukira. Komanso wolemba mzere uja wa tiana anali munthu wodziwa chisoni cha mayi wopita padera.

Mbali yomaliza ya ndakatulo ya kumandayi ndi imene idamasuliridwa m'Chiakadi n'kukhala phale la 12. N'chifukwa chake Enkidu, yemwe adamwalira m'phale la 7, akupezekanso wamoyo koyambirira kwake. Si kulakwitsa kwa womasulira. George amalitenga ngati chowonjezera, ndipo nkhani yeniyeni imathera pa phale la 11.

Mayina amasokoneza, chifukwa munthu mmodzi amakhala ndi la Chisumeri ndi la Chiakadi. Huwawa ndi Humbaba yemweyo, Inanna ndi Ishtar, Utu ndi Shamash, Enki ndi Ea. Wopulumuka chigumula ndi Ziusudra m'Chisumeri, pomwe m'Chiakadi ndi Atrahasis kapena Uta-napishti, yemwe pa intaneti mumupeza kwambiri ngati Utnapishtim. Kumapeto kwa buku kuli ndandanda wa mayina. Ikanipo kapepala kuti muzitsegulapo msanga.

Zofooka zilipo. Choyamba ndi Chingerezi chake. Kuno tidaphunzira m'Chipwitikizi, ndipo George amalemba Chingerezi cha ndakatulo, chokhala ndi mawu akale ndi ziganizo zotembenuzidwa kuti zimveke bwino pakhutu. Amene Chingerezi chake n'cha kusekondale kokha adzafunika dikishonale pafupi. Miyeso nayonso sadaisinthire ku makilomita. Liwu loti league m'bukuli likuimira mtunda woyenda maola awiri, makilomita opitirira 10. Ndiye ndakatulo ikamati awiriwo ankayenda 50 pa tsiku, ndi makilomita oposa 500, kuposa kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku Ulongwe n'kubwerera, wapansi, dzuwa lisanalowe. Wowerenga wosadziwa zimenezi saona kuti mlakatuli akukokomeza dala. Chachiwiri, ndemanga zofotokozera mzere ndi mzere mulibe. Pali chidule kumayambiriro kwa phale lililonse, basi. Chachitatu, ndi buku la Gilgamesh yekha. Ndakatulo ya Atrahasis, yomwe imafotokoza kuti chigumula chidabwera chifukwa phokoso la anthu ochuluka linkamusowetsa tulo Enlil, mulibe. Mulibenso Enuma elish, ya mapale asanu ndi awiri, yonena za mulungu Marduk ndi kulengedwa kwa dziko, yomwe inkalakatulidwa pa chikondwerero cha chaka chatsopano ku Babulo. Amene akufuna zimenezi afunika buku lina. Aphunzitsi adziwenso kuti phale loyamba limakamba za Enkidu ndi mkazi wina dzina lake Shamhat, amene adamuchotsa m'tchire, mosapsatira mawu, ndipo la 6 nalonso lili ndi zolaula. Werengani nokha kaye musanaimirire nalo pamaso pa ana kapena pagulu lomwe pali apongozi. Pomaliza, ndi buku la chikuto chofewa. Likutireni pulasitiki, ndipo nyengo ya dzinja musalisiye pansi kapena kuligundika kukhoma la dothi, chinyezi ndi chiswe sizichedwa.

Kwa amene Chipwitikizi ndicho chimayenda bwino, pali ntchito ya Jacyntho Lins Brandão wa ku Brazil, yotchedwa Ele que o abismo viu, yomwe idatuluka mu 2017 ku kampani ya Autêntica. Adamasulira kuchokera m'Chiakadi potsamira pa mabuku a George a 2003 aja, ndipo ili ndi ndemanga zambiri, chinthu chomwe buku la Penguin likusowa. Pa gulu lowerengera limodzi, kukhala ndi onse awiri n'kopindulitsa kuposa kukhala ndi makope awiri a limodzi.

Pa ndakatulo zina za Chisumeri, yunivesite ya Oxford idaika pa intaneti nkhokwe yaulere yotchedwa ETCSL, ya zolemba pafupifupi 400 zomasuliridwa m'Chingerezi. Ndi mawu okhaokha, choncho siidya mamega ambiri. Za Gilgamesh zili pa nambala 1.8.1, ulendo wa Inanna wa kumanda pa 1.4.1, ndipo mlimi aliyense ayenera kuwerenga 5.3.1, mkangano wa khasu ndi pulawo, momwe khasu limapambana. Ntchitoyi idaima mu 2006, ndiye zopezeka pambuyo pake mulibe. Chenjerani ndi kalembedwe kake: pa masamba ena mupeza Gilgamec, chifukwa amaika c m'malo mwa sh. Ife amene tidazolowera kuona Cinyanja cholembedwa ndi c tikhoza kutchula ngati ch, komwe n'kulakwa. Chilembo j nachonso pamenepo chikuimira liwu lomwe akatswiri amati linkamveka ngati ng' wa mu ng'ombe, lomwe Azungu amavutika nalo koma ife tili nalo kale pakamwa.

Mapale ang'onoang'ono a kumapeto kwa gawo la Chiakadi amaoneka osakoma kuwerenga, koma ndiwo umboni wa mtunda umene nkhaniyi idayenda. Zibenthu zake zidapezeka ku Hattusa m'dziko la Turkey, komwe idamasuliridwanso m'Chihiti, ku Emar ndi ku Ugarit m'dziko la Syria, ndi ku Megiddo m'dziko la Israel. Ku Babulo ankaikoperabe mpaka cha m'ma 130 Khristu asanabadwe, ndipo dzina la Gilgamesh limapezeka ngakhale m'mipukutu yakale ya Ayuda yopezeka ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, pakati pa mayina a ziphona. Kalembedwe ka cuneiform katafa, ndakatuloyi idagona pansi pa nthaka zaka pafupifupi 2,000. Mpaka lero zibenthu zikutulukabe, zina m'njira zakuba: phale lina lokamba za maloto a Gilgamesh lidabwezedwa ku Iraq kuchokera ku America mu 2021.

Ngati mukuwerengera anthu mokweza, phale limodzi pa tsiku n'lokwanira, ndipo lalitali limatenga pafupifupi theka la ola mukamapumira bwino. Mudzaona kuti mizere yambiri imabwerezedwa liwu ndi liwu: maloto asanu a paulendo amayamba mofanana, ndipo mafunso omwe Gilgamesh akufunsidwa, oti masaya ako alowa chifukwa chiyani, amabwera katatu m'phale la 10. Wowerenga chamumtima amafuna kudumpha. Musadumphe. Gawirani omvera mizere yobwerezayo kuti aziyankha, monga timachitira ndi nyimbo ya pakati pa nthano, ndipo muona kuti idapangidwira zimenezo. Pofotokozera m'Chichewa, mawu ambiri tili nawo kale: mkungudza, phula, chigumula, chinkhanira, namzeze, bango.

Kubwereza kwakukulu kuli kumapeto kwenikweni, ndipo ena amayesa kuti tsamba lasindikizidwa kawiri. Gilgamesh wafika kwawo chimanjamanja, ali ndi Ur-shanabi, woyendetsa bwato amene adamuwolotsa. Akumuuza akwere pa linga la Uruk, ayendepo, aone maziko ake, ayang'ane ngati njerwa zake si zootcha. Kenako akuwerenga kukula kwa mzindawo: gawo limodzi nyumba, gawo limodzi minda ya kanjedza, gawo limodzi nkhuti zokumbamo dongo, theka la gawo kachisi wa Ishtar, zonse pamodzi magawo atatu ndi theka. Mawu omwewa ali koyambirira kwa phale loyamba, kungoti kumeneko akulankhula ndi mlakatuli, pomwe kuno akulankhula ndi mfumu yomwe. Mukafika pamenepa, gwirani tsambalo ndi chala, mutsegule phale loyamba, muwerenge ndime ziwirizo motsatizana.